Nyimbo zoyamba bwino koma zosatha: oyimba paokha mumazimaliza bwanji?

Wagitala
Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumapeka ndi kutulutsa nyimbo panokha, popanda kampani yokuyang'anirani. Foni yanga yadzaza ndi tizidutswa: apa kolasi, apo mzere umodzi, penanso chuni chongong'ung'uza chopanda mawu. Ndikamazimvera ndimaona kuti mu zina muli kanthu ndithu, koma ndikangofika pa vesi yachiwiri mutu umaima. Masana ndimakhala ku ntchito ina, ndiye gitala ndimaigwira usiku thupi litatopa kale. Anzanga mumamaliza bwanji? Komanso mumayambira kuti, ku mawu kapena ku chuni?

Mkulu wa Kwaya
Mwalandiridwa achemwali. Ine ndimayambira ku mawu, ndipo chifukwa chake chilipo. Mawu athu amabwera ali kale ndi kayimbidwe kawo. Tengani mzere womwe mwalemba, muulankhule mokweza ngati mukuuza munthu amene wakhala patsogolo panu, osayimba ayi. Mumva pomwe liwu likukwera, pomwe likutsika, ndiponso mumva kuti phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi limene timalikoka. Chuni chabwino chimatsata njira imeneyo. Mukapeka chuni kaye n'kumakakamiza mawu kuti alowemo, mumapezeka mukukoka phatikizo lolakwika, ndipo womvera, ngakhale asadziwe za nyimbo, amamva kuti penapake papindika. Ndaonapo ana a kwaya akulimbana ndi mzere umodzi mpaka kugwa ulesi, pamene vuto silinali pakhosi pawo koma kwa woupekayo.

Mwana wa Bass
Bambo, za kukoka mawuzo ndikuvomereza, koma si tonse tingayambire papepala. Ine ndikakhala ndi pepala ndi cholembera palibe chimatuluka. Ndimayika biti kaye, izilira mobwerezabwereza, kenako ndimayimba zopanda tanthauzo pamwamba pake, "na na na" basi, foni ikujambula. Pomveranso ndimapeza kuti penapake pakamwa panatuluka liwu lenileni ndisanaliganizire, mwina "usiku", mwina "bwerera". Nyimbo yonse ndimaimanga pa liwu limenelo. Zolankhula mokweza zija ndimachitanso, koma kumapeto, poyesa ngati mawu akhala bwino.

Mkulu wa Kwaya
Ngati mumayesa kumapeto ndiye tili limodzi mwana wanga. Chomwe ndimadana nacho ndi kusayesa konse.

Mlembi
Ndiyankhe za vesi yachiwiri, chifukwa nyimbo zambiri zimafera pamenepo. Kawirikawiri mawu amakhala alipo. Vuto limakhala lakuti vesi yoyamba inanena kale zonse, ndiye yachiwiri ikungobwereza zomwezo povala malaya ena. Inuyo mukutopa nayo polemba, womveranso adzatopa nayo.

Vesi yachiwiri izisuntha kanthu: nthawi, malo, kapena munthu amene akulankhula. Tiyerekeze mukuyimba za mlongo wanu amene anapita kutali kukafuna ntchito n'kusiya kulankhula nanu. Vesi yoyamba ndi inuyo, mukuyesa nambala yake usiku, siikupezeka. Kolasi ikuti "ungonena kuti uli moyo". Mu vesi yachiwiri musanenenso kuti mwamusowa, tamva kale. Tipititseni kwa amayi anu, amene amachapabe zovala zomwe anazisiya, kuzisita n'kuzibwezera pamalo pake. Kapena tipititseni kwa iye mwini: wakhala pa bedi m'kachipinda ka lendi, dzina lanu likuoneka pa foni, chala chili pamwamba pake, koma manyazi oti ntchito sanaipeze amugwira dzanja. Kolasi ikabweranso pamenepo mawu ndi omwe aja, koma akulasa pena. Womvera amene poyamba amamukwiyira mlongoyo tsopano akumumvera chisoni, inu osasintha liwu ndi limodzi lomwe la mu kolasi.

Chinanso, samalani ndi kufananitsa mawu kumapeto kwa mizere. Kwa ife n'kosavuta mopitirira, poti aneni ambiri amathera ndi "a": kukonda, kulira, kupita, kudikira. Mutha kudzaza mavesi atatu okoma m'khutu koma osanena kanthu. Ine ndimakonda mzere wothera pa chinthu chooneka ndi maso, chitseko, kalata, nsapato, ngakhale usafanane ndi unzake.

Wagitala
Achimwene a Mlembi, mwandigwira penipeni. Ndatsegula nyimbo ina yomwe ndinaisiya, ya mnzanga amene tinasiyana chifukwa cha ngongole, ndapeza kuti vesi yoyamba ndinathiramo zonse: momwe tinakumanirana, ndalamazo, mkangano, mpaka kusiyana. Yachiwiri inalibe poyambira.

Mlembi
Igaweni. Vesi yoyamba ithere pomwe mukumupatsa ndalamazo muli kuseka nonse. Mkangano usungeni.

Mayi a Mapasa
Ine ndilankhulepo za kutopa kuja, poti palibe wakukhudzapo. Ndili ndi ana, ndili ndi ntchito, ndipo nyimbo ndimatulutsa ndekha. Chomwe chinandithandiza ndi kulekanitsa nthawi yopeka ndi nthawi yoweruza. Usiku, thupi litatopa, ndi nthawi yabwino yotulutsa zinthu, chifukwa manyazi amakhala atachepa, koma ndi nthawi yoipa yoti munene kuti ichi n'chabwino, ichi n'choipa. Mukaweruza mutatopa chilichonse chimaoneka chonyansa ndipo mumafufuta zomwe mawa mukanazikonda. Ndiye usiku ndimangolemba ndi kujambula, osafufuta kanthu. Tsiku lopuma, m'mawa mutu uli bwino, ndi pomwe ndimamvera n'kusankha.

Tizidutswa ta mufonito muzitipatsa mayina nthawi yomweyo. Osasiya "Recording 47". Lembani liwu limodzi ndi kiyi yake, monga "ngongole G", kuti mukadzafuna musadzathe ola lonse mukusakasaka mpaka chilakolako chopeka chitatha.

Ndipo sankhani imodzi. Pamenepa ndimalimbikira kwambiri. Kuyamba nyimbo yatsopano kumakoma kuposa kumaliza yakale, chifukwa yatsopano sinakukhumudwitseni. Ikabwera ina muli pakati pa ntchito, ijambuleni mwachangu, ipatseni dzina, bwererani ku ija munasankha. Nyimbo yomalizidwa, ngakhale ikhale yapakatikati, imakuphunzitsani zomwe zidutswa zokongola sizingakuphunzitseni: kulowa mu kolasi, kutulukamo, kutsekera.

Moyo wa oyimba patokha ndi wa wekha, tisanamizane. Palibe amene amakufunsa kuti nyimbo ija yafika pati. Ukasiya mwezi wathunthu palibe amadziwa. N'chifukwa chake ine ndili ndi mnzanga mmodzi, woyimbanso, amene timatumizirana zomwe tapanga pakutha pa mwezi, zabwino kaya zoipa.

Wa Studio
Monga wojambula nyimbo za anthu, pempho langa ndi limodzi: musabwere ku situdiyo kudzapeka. Ola la situdiyo mukulipira, ndipo munthu amene akuyang'ana wotchi sapeka bwino. Bwerani nyimbo itatha, yoti mutha kuiyimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi gitala yokha kapena kiyibodi yokha, osaima. Ikaimirira payokha choncho, zina zonse ndi zokongoletsa. Ikakhala kuti imangokoma pakakhala ng'oma ndi zoyimbira zambiri, bwererani mukaikonze.

Musanabwere dziwani zinthu ziwiri, liwiro ndi kiyi. Liwiro liyezeni ndi metronome ya pa foni, kachida kogunda mofanana koyezera liwiro, mulembe nambala ya BPM, kutanthauza kugunda kangati pa mphindi. Kiyi muisankhe poyang'ana noti yokwera kwambiri ya mu kolasi, osati poyambira vesi. Ambiri amayamba vesi pomwe mawu awo akukhala bwino, kolasi ikafika khosi latsekeka, mitsempha ili njo. Tikajambula kale zoyimbira zonse, kusintha kiyi ndi ntchito yoyambiranso.

Ngati mukujambulira kunyumba, n'zotheka ndithu masiku ano. Mapulogalamu ojambulira alipo: Audacity ndi yaulere, BandLab ndi yaulere, a iPhone muli ndi GarageBand. Chomwe chimaononga zojambula zapakhomo nthawi zambiri ndi chipinda, osati maiki. Makoma opanda kanthu amabweza mawu, ndipo phokoso lobwererali silichoka pa mixing, posakaniza mawu ndi zoyimbira paja. Jambulirani pomwe pali makatani, matiresi, zovala zopachika. Pakamwa patalikirane ndi maiki ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, pakati muike pop filter, kansalu kotchinga mpweya, kuti "p" ndi "b" asamaphulike. Firiji ndi fani zimitsani.

Potumiza kwa wa mixing tumizani mafayilo osafinyidwa a WAV, 44.1 kHz kapena 48 kHz, 24-bit, chilichonse pachokha: mawu paokha, gitala payokha. Musatumize ngati voice note ya pa WhatsApp, imafinya mawu. Ndipo mukamaliza ntchito ndi situdiyo iliyonse, tengani mafayilo onse, osati nyimbo yosakaniza kale yokha. Makompyuta amafa, masitudiyo amatsekedwa.

Mwana wa Bass
Onjezanipo za mastering akulu, kukonza komaliza kuja nyimbo isanatuluke. Anyamata ambiri akungofuna nyimbo iphokosere kuposa ya mnzawo.

Wa Studio
Zimenezo zinatha ntchito. Spotify imalinganiza kuphokosera kwa nyimbo pa -14 LUFS (LUFS ndi muyeso wa kuphokosera kwa mawu), ndipo ena monga YouTube ndi Apple Music amachitanso zofanana ndi zimenezo. Mukaifinya nyimbo kuti iphokosere, iwo amangoitsitsa, inu n'kutsala ndi nyimbo yopanda mpweya, ng'oma zosagunda, vesi ndi kolasi zofanana mphamvu. Siyani malo oti kolasi ikwerere.

Wa Rap
Pepani ndilowetse nkhani ina, koma ikukhudza omaliza nyimbo omwewo. Ndinagula biti pa intaneti kwa munthu wina, ndinalemba, ndinajambula, ndinatulutsa. Patapita nthawi ndinalandira uthenga woti nyimbo yanga ikufanana ndi ya woyimba wina amene sindimudziwa n'komwe, ndipo ndalama za kanema wanga wa pa YouTube zikupita kwa iyeyo. Kufufuza, biti yomweyo inagulitsidwanso kwa anthu ena. Wogulitsayo akuti palibe cholakwika chomwe anachita. Zoona zimenezi?

Wamapepala
Achimwene, werenganinso pepala lomwe munalandira pogula. Ngati palembedwa "non-exclusive" kapena "lease", ndiye kuti munabwereka chabe, ndipo mwini biti ali ndi ufulu wobwereketsanso kwa ena. Amene analakwa ndi woyimba winayo ngati analembetsa nyimbo yake ku Content ID, njira ya YouTube yozindikirira eni ake a nyimbo za m'makanema, chifukwa malamulo a Content ID amafuna kuti wolembetsa akhale mwini yekhayo wa zomwe akulembetsazo, ndipo biti yobwereka siili choncho. Tsutsani chidandaulocho, muonetse pepala lanu la chilolezo, ndipo mumuuze mwini biti kuti alankhule ndi winayo.

Poti nkhani yafika apa, ndifotokoze zomwe woyimba payekha aliyense ayenera kudziwa asanatulutse kanthu. Mu nyimbo imodzi muli umwini uwiri. Woyamba ndi wa nyimbo yopekedwayo, mawu ndi chuni, ndipo ndi wa opeka. Wachiwiri ndi wa chojambulidwacho, chomwe amati master, ndipo kawirikawiri umakhala wa amene analipira kapena kukonza zojambulazo, malinga ndi zomwe munagwirizana. Ziwirizi zimatha kukhala m'manja mosiyana. Nkhani ya Taylor Swift, woyimba wa ku America, imaonetsa bwino zimenezi: ma master a zimbale zake zisanu ndi chimodzi zoyambirira anagulitsidwa mu 2019 pamodzi ndi kampani yomwe inali nawo, koma popeza nyimbozo anapeka nawo ndi iyeyo, anayamba kutulutsa zojambulanso mu 2021, ndipo mu 2025 anagula ma master akalewo. Ubwino wa inu oyimba panokha ndi woti zonse ziwiri zimayambira m'manja mwanu. Musazitaye mosadziwa.

Umwini umayamba nyimbo ikangopekedwa n'kulembedwa kapena kujambulidwa, simuchita kupempha. Pangano la Berne, lomwe linayamba mu 1886 ndipo mayiko ambiri analowamo, limati chitetezo chisadalire kulembetsa, ndipo chikhalepo moyo wonse wa wopeka kuonjezapo zaka zosachepera 50 atamwalira. Ku Ulaya ndi ku America ndi zaka 70. Komabe umboni ndi wofunika, ndiye tizidutswa ta mufoni tija, tokhala ndi masiku ake, musatifufute.

Mukapeka ndi munthu wina, lembani pepala la magawo tsiku lomwelo musanabalalike: dzina la nyimbo, mayina anu, aliyense peresenti yake, n'kusaina. Wopanga biti naye alowemo ngati mwagwirizana choncho. Anthu amachita manyazi kuyambitsa nkhaniyi poopa kuoneka okonda ndalama, koma kugawana zomwe sizinabwere n'kosavuta kusiyana ndi kugawana zomwe zafika kale.

Kenako lembetsani ku bungwe lotolera ndalama za opeka la m'dziko lomwe muli: ASCAP kapena BMI ku America, PRS ku Britain, SAMRO ku South Africa, COSOMA ku Malawi, ndi ena otero. Mabungwe amenewa amagwirizana pakati pawo, kotero nyimbo yanu ikaseweredwa pa wailesi ya dziko lina, ndalama zimatha kukupezani kudzera ku bungwe lanu. Koma nyimbo yomwe simunailembetse sangaidziwe.

Wagitala
Nanga kuti ifike pa Spotify ndi kwina kuja zimayenda bwanji? Ndimaona ngati pamafunika kampani.

Wamapepala
Kampani ya nyimbo siifunika, pamafunika wogawa, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ena mumalipira pachaka, ena kamodzi pa nyimbo iliyonse n'kumadulako gawo la zomwe mwapeza, ndiye werengani bwino musanasankhe, makamaka zomwe zimachitika mukasiya kulipira. Iwo amakupatsani ISRC, nambala ya zilembo ndi manambala 12 yomwe imazindikiritsa chojambulidwa chanucho kulikonse. Isungeni, mukadzasintha wogawa mudzaifuna. Mukayika nyimbo, tsiku lotulutsa liikeni patali, chifukwa pa Spotify for Artists mutha kuipereka kwa osankha nyimbo za m'ma playlist, koma amafuna ifike masiku osachepera 7 isanatuluke.

Za ndalama ndinene mosabisa. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamveredwa ikadutsa masekondi 30. Palibe mtengo wokhazikika wa kumvera kumodzi: amasonkhanitsa ndalama n'kugawa potengera gawo lanu pa zonse zomwe zamveredwa, ndiye zimasiyana malinga ndi dziko la womvera komanso ngati amalipira kapena ayi. Ndipo kuyambira 2024, nyimbo yomwe sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12 yapitayo siilandira gawo la ndalama za chojambulidwa. Kwa woyamba kumene, apa ndi pongodziwikira. Ndalama zogwirika zimachokera ku zoyimbayimba, kugulitsa mwachindunji kwa okukondani, kuphunzitsa, kuyimbira anzanu mu situdiyo. Tsamba logulitsira nyimbo la Bandcamp, mwachitsanzo, limatenga 15 peresenti pa nyimbo zogulitsidwa pa intaneti ndi 10 peresenti pa zinthu zogwirika monga ma CD ndi matisheti, zotsalazo n'zanu mukachotsa za otumiza ndalama. Ndipo wina akadzabwera ndi kontirakiti yonyezimira, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Funsani kuti master ikhala ya ndani, kwa zaka zingati, ndipo musasaine tsiku lomwelo.

Mwana wa Bass
Za masekondi 30 zija n'chifukwa chake ine masiku ano kolasi ndimaiyika koyambirira. Chiyambi chachitali chija, gitala kulira theka la mphindi munthu asanatsegule pakamwa, anthu amangodumpha. Ndipo ndimaonetsetsa kuti muli kachigawo koti kangaime pakokha pa TikTok.

Mkulu wa Kwaya
Apa ndiye tisiyana. Mukayamba kupeka mukuganiza za chala cha munthu wodumpha, mudzalemba nyimbo za mtundu umodzi moyo wanu wonse. Pali nkhani zina zomwe zimafuna womvera akhale kaye pansi. Nyimbo ya ngongole ya achemwaliyi, mukaiyamba ndi kolasi, mwaulula mathero munthu asanawadziwe anthu awiriwo. Adzamva chisoni cha chiyani?

Mwana wa Bass
Koma bambo, nyimbo yomwe palibe waimvera mpaka pa kolasi yathandiza ndani? Kale wailesi nayonso inali ndi zofuna zake, nyimbo za mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo anthu ankapeka zabwino momwemo. Malire sanayambe lero.

Mlembi
Kuyika kolasi patsogolo si njira yokhayo yogwirira munthu. Mzere woyamba ukakhala wamphamvu umagwira chimodzimodzi. "Ndinakupatsa ndili kuseka" ndi mzere woti munthu aima kuti amve kuti kenako zinatani. Chomwe ndingachotse ndi zoyimbira zazitali zopanda chonena kumayambiriro, osati dongosolo la nkhani. Kachigawo ka TikTok kasankheni nyimbo itatha, muone pomwe pakugunda. Mukachita kukapekeratu, zotsalazo zimamveka kuti zinangolumikizidwa.

Mayi a Mapasa
Njira yodziwira ilipo yosavuta: kaiyimbeni pamaso pa anthu isanajambulidwe. Ngakhale akhale ochepa, bola asakhale abale okhaokha, poti abale amayamikira chilichonse. Musawafunse kuti yakoma kapena ayi. Yang'anani pomwe ayamba kugwira mafoni awo kapena kunong'onezana, pamenepo ndi pomwe nyimbo yafooka. Yang'ananinso mzere womwe wina akuubwereza mukamaliza. Ine nyimbo zanga zambiri zinafupika ndi vesi yathunthu chifukwa cha zimenezi, ndipo palibe inaipa.

Wagitala
Ndabwereranso. Ndagawa vesi ija monga munanenera, yoyamba ikuthera pomupatsa ndalama, yachiwiri ndi tsiku lomwe tinakumana pamsewu iye n'kuyang'ana kumbali. Kolasi yachiwiri ikumvekadi mosiyana. Tsopano mafunso awiri. Kodi bridge, kagawo kosiyana ndi vesi ndi kolasi kobwera chakumapeto kaja, ndi yofunika? Ndipo kolasi ikundikwera, pa liwu loti "bwenzi" mawu akusweka. Ndikuyimba ndi ma chord a G, capo, kopanira zingwe kokwezera kiyi kaja, ili pa fret (mzere wa pakhosi pa gitala) yachinayi, liwiro 84.

Mlembi
Bridge ikhalepo pokhapokha muli ndi chinthu chomwe simunanene ndipo sichingakwane mu vesi. Pa nkhani yanuyi ndikuona chimodzi: kodi mukufuna ndalamazo kapena munthuyo? Ngati kolasi yayankha kale funso limeneli, isiyeni bridge, bwerezani kolasi motsitsa, gitala yokha, n'kutseka. Ngati sinayankhe, mizere iwiri yakwana.

Mkulu wa Kwaya
Pa "bwenzi" paja onaninso kuti noti yokwerayo ili pa phatikizo liti. Ikhale pa "bwe", pomwe pakamwa patseguka. Mukaiyika pa "nzi", "i" amatsekereza kukhosi ndipo kumukweza n'kovuta ngakhale kwa odziwa.

Wagitala
Ili pa "nzi" bambo. Ndayesa kuisunthira pa "bwe", kusweka kwachepa koma sikunatheretu.

Wa Studio
Ndiye tsitsani capo ifike pa fret yachiwiri, zala zikhale momwemo, nyimbo yatsika kuchoka pa B kufika pa A. Onani ngati poyambira vesi sipakutsikitsitsa mpaka mawu kuzimirira. Pakatsikitsa, yesani fret yachitatu. Mukapeza pokhazikika jambulani yonse kamodzi ndi metronome m'khutu pa 84 pomwepo, osaima ngakhale mulakwitse, ndipo muitumize muno ngati fayilo kuti timve bwino pomwe mukupumira.